Kankhanu Kosamva Patali

Ine ndinapita ku Chiputo ngati mtengwa, ndili ndi mimba ya miyezi inayi, ndipo chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa kumeneko, ndisanadziwe ngakhale njira ya kuchitsime, chinali cha apongozi anga aamuna. Kwathu ku Malowera ulemu wa apongozi tinkaudziwa, koma a kubanja la amuna anga ankausunga mopitirira. Mukakumana panjira, iwe upatukire kutchire, ugwade, uyang'ane kumbali mpaka adutse. Sulowa m'nyumba imene iwo alimo, sukhala nawo pa mphasa imodzi, suwapatsira chinthu m'manja. Ukakhala ndi mawu, upatse munthu wina akawatule. Wonditulira mawu ine anali alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, mayi wa ana atatu wa pakamwa posatseka, amene ankati ndimagwada mwachangu ngati mbuzi yoterereka pamatope.

Apongoziwo ndiwo ankaona odwala m'mudzi mwathu. Ntchitoyo anaiphunzira ku Zambia kumene anathawira nthawi ya nkhondo, ndipo atabwerera anapeza posito yakale ya zaumoyo itapsa, kwatsala makoma atatu, mkuyu utamera pakati. Zaka zambiri odwala ankawaonera pakhonde la nyumba yawo. Pamene ine ndinkabereka mwana wanga wamkazi, anthu anali ataumba njerwa ndi kuotcha, ndipo posito yatsopano inali kukwera pang'onopang'ono. Chipinda chimodzi anachifolera ndi udzu kuti ntchito iyambe, kwina kukudikira malata. Ife akazi tinkatungira amisiri madzi, kuthira mu mgolo umene unkakhala pafupi ndi khomo.

Kutunga madzi kumeneko n'kumene kunandionetsa zinthu zija tsiku limene zinafika. Kunali kotentha, mvula isanayambe. Kunabwera enfermera wina, ndiye kuti namwino, wa ku chipatala chachikulu cha ku Fingoe, mtsikana wa msinkhu wanga yemwe, wovala nsapato zoyera, ndi bokosi. Ine ndinatula ndowa yanga, ndipo m'malo mobwerera kuchitsime ndinaima kuseri kwa khoma, pa bowo la zenera, mwana ali kumbuyo. Apongozi anali atandifulatira, choncho ndinadziuza kuti sindikulakwa.

M'bokosimo munatuluka komputadori yopinda ngati buku, sikelo yoyezera ana, kamakina kotulutsa pepala, ndi kanthu kena kakang'ono kopana chala, kamene amisiri anakatcha pompo kuti kankhanu, dzina n'kukhala lomwelo mpaka lero. Kankhanuko kanalibe galasi loonetsa manambala, kanali ndi kanyale kamodzi basi. Enfermera anati kamamva mpweya umene uli m'magazi a munthu, koma sikanena kokha, kamauza komputadori. Ine ndinayang'ana waya wopita ku komputadori, sindinauone. Ndinayang'ana pansi pa tebulo. Waya unalipo umodzi wokha, wochokera ku batire la dzuwa.

Enfermera ankalankhula Chipwitikizi chosakaniza ndi Chinyungwe, apongozi n'kumalemba m'kope. Anati zinthu izi zisanayambe kugwira ntchito limodzi, ziyenera kudziwana kaye. Udine kabatani ka kankhanu osasiya, mpaka kanyale kayambe kuphethira. Kenaka uuze komputadori kuti ifunefune. Iyo imazungulitsa kamkombero pagalasi, ndipo mayina a zonse zimene yazimva pafupi amatuluka pamzere. Tsiku limenelo panatuluka mayina asanu ndi limodzi, chifukwa mafoni a amisiri nawo anaonekera, ndipo enfermera anawerenga mokweza kuti pali wina pano dzina lake Osandiyamba. Mmisiri wamkulu, bambo wa imvi wa mukwaya, anatulutsa foni m'thumba mwamanyazi n'kunena kuti anamulembera ndi mdzukulu wake. Anthu anaseka mpaka mwana wanga anadzuka. Kenaka enfermera anasankha dzina la kankhanu, komputadori inafunsa ngati akuvomera, iye anavomera, ndipo kanyale kaja kanasiya kuphethira, kanangoyaka phee. Anapana chala cha apongozi, manambala n'kutuluka pagalasi.

Ndinabwerera kuchitsime mutu uli wodzaza. Mawuwo amadutsa pati? Ngati munthu waima pakati, amamulowa m'thupi? Enfermera anali atanena kuti zimalankhulana pa Bulutufu. Bulutufuyo ndinali nditaimvapo, chifukwa amuna anga ankalandira nayo nyimbo za kwaya kuchokera kwa anzawo, mafoni awiri atasanjikizana pa bondo, alamu anga n'kumanena kuti tambala ndi thadzi. Koma ndinkaganiza kuti zimenezo n'za mafoni a anthu osauka. Zinthu za boma, ndinkati, zimamva ngakhale uli kutsidya la mtsinje. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu, panalibe amene ndikanamufunsa osandiseka.

Mvula yoyamba itagwa, amuna anga anali kunyanja ya Cahora Bassa kokagula kapenta wogulitsa. Mwana anali ndi miyezi isanu ndi itatu. Anayamba ndi chifuwa, ndinati n'cha fumbi. Tsiku lachitatu m'mawa ndinamuvula kuti ndimusambitse, ndipo ndinaona pansi pa nthiti zake pakulowa m'kati nthawi iliyonse akapuma, kulowa, kutuluka, kulowa, mofulumira ngati kamwana ka nkhuku kamene wakagwira m'manja. Mphuno zake zinkatambasuka. Madzi osamba ndinawasiya pomwepo, ndinamubereka n'kuthamangira kwa alamu, ndipo alamu atamuyang'ana sananene nthabwala iliyonse, chimene chinandiopsa kuposa zonse.

Tsiku lomwelo kunali kutabwera kamyau, galimoto yaikulu ya katundu yochokera ku Fingoe, yobweretsa malata a posito. Woyendetsa anali atanena kale kuti akangotsitsa lata lomaliza akubwerera, chifukwa mtsinje wa panjira unali utayamba kufiira, ndipo ukadzaza sabweranso mpaka mvula itatha. Anali atanenanso kuti abwana ake anamuletsa kunyamula anthu, kupatula wodwala amene ali ndi pepala lotuluka m'kamakina kaja. Anthu anamuchonderera kuti akwere akagulitse nyemba, anakana onse. Ku Fingoe ukayenda pansi ndi ulendo wa masiku, ndipo mwana wopuma chonchija sukamufikitsa.

Pa posito panali akazi ambiri, linali tsiku la sikelo. Aliyense ankalowa, kukhala pa mpando wautali pafupi ndi tebulo la apongozi, mwana kupanidwa chala chachikulu cha kuphazi, manambala kutuluka, n'kutulukamo. Ine ndinakakhala malo anga a nthawi zonse, kuseri kwa mulu wa mchenga, pamene apongozi sakanandiona ngakhale atasuzumira pakhomo. Miyezi ina yonse alamu ndiwo ankamulowetsa mwana ku sikelo. Anamutenganso tsiku limenelo, akazi anawapatsa njira. Koma mwana atangochoka pachifuwa panga anayamba kulira ndi kuponda, ndipo kulirako kunkamutsamwitsa. Ndinamva apongozi akunena kuti kankhanu sikamva munthu akamagwedezeka, kakungogwa. Anauza alamu kuti ambwezere kwa amake ayamwe, akakhala bata ampanire komweko.

Alamu anabwera ndi mwana dzanja lina, kankhanu dzanja lina. Ndinamuika kubere, anagwira mofooka, koma anakhala chete. Alamu anapana kachala kake. Tinadikira. M'katimo apongozi anati palibe chikuoneka. Alamu anakapanitsa bwino. Palibe. Anasintha phazi. Palibe.

Apongozi anati akabweze, mwina zaiwalana. Ndinkawamva akuwerenga m'kope mwawo mokweza pang'ono ngati munthu wopemphera, kufufuta dzina, kudina kabatani, kufunafuna, kusankha, kuvomera. Anadzipana chala chawo, anati chikugwira. Anaitana mayi wina amene anali pakhomo, anapana mwana wake, chikugwira. Alamu anabwera nako kachiwiri. Mwana wanga anali phee pabere, maso theka. Palibe.

Apa ndi pamene akazi anayamba kunong'ona. Wina anati makina sakumupeza mwanayu. Wina, amene sindidzamutchula ngakhale ndimakumana naye kutchalitchi Lamlungu lililonse, anati chimene makina sakuchipeza ndiye kuti chanyamuka kale, chatsala ndi chikopa. Ananena motsitsa, koma ine makutu anga tsiku limenelo ankamva ngakhale nyerere. Ndinaika chala changa pamphuno pa mwana. Mpweya unalipo, wotentha, wafupifupi. Ndinayang'ana ku kamyau, amuna anali kutsitsa malata awiriawiri, ndipo mulu wa pagalimoto unali utatsika kufika m'mawondo mwa amene anaima pamwamba. Kumadzulo kunali kutada.

Sindidziwa chifukwa chake maso anga anagwera pa kanyale. Mwina chifukwa nkhope ya mwana sindikanathanso kuiyang'ana. Kanali kuphethira. Ndinakumbukira kuti tsiku la enfermera kanaphethira poyamba, kenaka kanaleka, ndipo manambala anabwera kataleka. Alamu atakachotsa kuti akabwezenso kwa bambo awo, ndinatsatira dzanja lawo ndi maso. Podutsa mchenga kakuphethira. Pofika pa mgolo wa madzi kakuphethira. Atangoponda pakhomo, phee.

Ndinawaitana alamu, ndinawapempha kuti abwerenso nako pang'onopang'ono, dzanja litatambasuka kuti ndizikaona.

"Alamu, mwana akudwala, inu mukufuna kundiyendetsa ngati ng'ombe ya pamsika?"

"Yendani chabe, alamu. Pang'onopang'ono."

Anayenda, akung'ung'udza. Pakhomo kanali phee. Phazi limodzi panja, phee. Atakhota kuti khoma la njerwa likhale pakati pa iwo ndi tebulo, pafupi ndi mgolo, kanayamba. Ndinati bwererani. Anabwerera, kanaleka. Ndinati bwerani. Kanayamba. Akazi anasiya kunong'ona, onse maso pa dzanja la alamu, ndipo ine ndinamva kanthu kena kokhala ngati kukoma, kuja umamva ukapeza pamene ulusi wapiringizana. Kankhanu sikankakana mwana wanga. Mawu ake anali aafupi. Akazi ena onse ankakhala pafupi ndi tebulo, ndipo enfermera pophunzitsa zonse zinali pa tebulo limodzi, ndiye panalibe amene anadziwa kuti kali ndi malire. M'mudzi monse munthu mmodzi yekha ndiye ankayenera kukhala patali chonchija ndi apongozi, ndipo ndinali ine.

Ndinasendera mpaka pa mgolo, ndi mawondo, mwana ali pabere. Alamu anapana. Kanyale kanagwira pang'ono, apongozi anati chayamba, ndiye kanaphethiranso, anati chathawa. Alamu analowa kukawauza zimene taona. Kenaka ndinamva apongozi akunena kuti komputadori sangaichotse pa waya, chifukwa dzuwa silinawale masiku atatu, moto watsala wochepa, ndipo ikazima siidzukanso lero. Waya wake unali waufupi, tebulo silikanafika pakhomo. Anati mwina iwo atuluke, alamu atsale m'katimo, koma alamu sadziwa kuwerenga, ndipo panali zoti zidinidwe pamene manambala abwera, zimene iwo okha ankazidziwa.

Woyendetsa kamyau analiza hutala kawiri.

Chimene chinatsala aliyense ankachiona, koma panalibe wochinena. Apongozi sakanati mtengwa alowe, pakamwa pawo sipakanatulutsa mawu amenewo pamaso pa mudzi. Alamu ankangopotokola nsonga ya kapulana yawo, chitenje chimene anavala. Apongozi aakazi anamwalira ku Zambia, ndiye panalibe wamkulu wamkazi wa pabanjapo woti anene kuti lero tiphwanye. Ndipo sikunali kulowa kokha. Mwana ankakhala bata pabere pokha, ndiye kuti ndikanakhala pambali pa bambo wobereka amuna anga, bere lili panja. Ndinaganiza za amuna anga akadzamva. Ndinaganiza za amayi anga ku Malowera akadzauzidwa kuti mwana wanu sanalangidwe. Ndinaganiza zonsezi mwachangu, nthawi yongokwana mwana kupuma kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo kupuma kwake kunkalira ngati munthu akupala mbale ndi mchenga.

Sindinaimirire. Ndinayenda ndi mawondo kuchoka pa mgolo, dzanja limodzi lagwira mwana, lina pansi. Timiyala ta simenti tinkandibaya. Pakhomo panali chopondera chachitali, ndinakwera ndi bondo limodzi, kapulana inakodwa, alamu anaimasula. M'katimo munkanunkha njerwa zonyowa ndi mankhwala. Pa mpando wautali sindinakhalepo. Ndinakhala pansi, pa mwendo wa tebulo, nditafulatira, ndinadzifunditsa kapulana kuyambira paphewa, phazi la mwana lokha lili panja. Ndinamva mpando wa apongozi ukukwekwereka, anautembenuza kuti ayang'ane komputadori ndi khoma basi. Kunja kunali zii, ngakhale malata anasiya kulira.

Alamu anapana kachala. Kanyale kanayaka phee, ndipo komputadori inayamba kulira, ti, ti, ti, ti, mofulumira kwambiri. Ndinadziwa popanda wondiuza kuti umenewo ndi mtima wa mwana wanga, chifukwa ndinkaumvanso padzanja langa, ukugunda nthawi yomweyo. Ndinalephera kudzigwira, ndinatembenuza mutu pang'ono kuti ndione galasi. Panali kamzere koyenda, kokwera ndi kutsika ngati mizere ya m'munda ukaiyang'ana m'mbali. Chinthu chimene chinali m'kati mwa mwana wanga chinkachoka pa kachala kake, kudutsa pamwamba pa phewa langa popanda ine kumva kanthu, n'kukadzilemba pagalasi. Ndinakweza dzanja pang'ono pakati pa phazi ndi tebulo kuti ndione ngati kamzereko kaduke. Sikanaduke.

"Amayi, musagwedezeke."

Amenewo anali mawu oyamba apongozi anga kundilankhula ine mwini, patatha chaka ndi miyezi. Ananena motsitsa, akuyang'ana galasi. Ndinauma ngati chitsa.

Nambala inabwera, inasinthasintha, kenaka inakhazikika, ndipo inali yofiira. Ya ana ena onse m'mawa uja, alamu anandiuza pambuyo pake, inali yobiriwira. Apongozi anapumira m'mwamba, anadina, anadinanso, n'kuuza alamu kuti athamange akaime kutsogolo kwa kamyau, ngakhale woyendetsa atukwane asachokepo. Alamu anatuluka akuthamanga. Tinatsala atatu, ine, mwana ndi iwo.

Kamakina ka pepala nako kanali ndi kanyale kake, ndipo nako kankaphethira, chifukwa tsiku limenelo kanali kasanagwire ntchito. Ndinaona dzanja la apongozi likupita pa kabatani, linaphonya, linabwereranso. Kamkombero kanazungulira pagalasi. Kunja injini inalira. Kanazungulirabe. Dzina linatuluka, anasankha, anavomera, ndipo kamakina kanakhosomola n'kuyamba kulavula pepala lopyapyala, pang'onopang'ono, ngati kakuwerenga chilembo chilichonse. Analing'amba. Anayang'ana pakhomo kufuna woti amupatsire, koma akazi onse anali atathamangira ku kamyau. Analiika m'mphepete mwa tebulo kuti nditole, mphepo ya mvula inalowa pa bowo la zenera n'kuliulutsira pansi pa mpando. Anawerama, analitola, ndipo ulendo uno anangotambasula dzanja. Ndinalandira ndi manja awiri, mwana nditamupanira pachifuwa ndi zigongono.

"Pitani. Mukafika musakaime pamzere, mukaonetse pepalali kwa woyamba wovala zoyera. Kumunda kwanu ndikadzala ine."

Ndinafuna kuyankha koma sindinadziwe kuti munthu amawayankha bwanji apongozi ake. Ndinangoomba m'manja kamodzi, pepala lili pakati, n'kutuluka. Panja ndinaimirira n'kuthamanga.

Alamu anali ataimadi kutsogolo kwa kamyau, manja m'chiuno, akuuza woyendetsa kuti ngati akufuna kupita awaponde kaye, ndipo akawaponda akalere yekha ana awo atatu, wamng'onoyo amakodza pamphasa. Woyendetsa anawerenga pepala, anatsegula chitseko, anandikhazika kutsogolo. Mtsinje tinaupeza madzi akufika pakati pa matayala. Anaima, anauyang'ana, anayang'ana mwana, n'kulowa. Mvula inatipeza tili kutsidya.

Ku Fingoe anamuika timapaipi m'mphuno ndi kumubaya jekeseni m'mawa ndi madzulo. Kumeneko kankhanu kawo kanali ndi waya, ndipo ndinkakhala ndikuyang'ana nambala yake tsiku lonse mpaka ndinaphunzira kuti ikakwera ndi bwino. Tsiku lachinayi mwana anandiluma bere ndi mano ake awiri, ndinalira ndi kuseka pamodzi. Tinakhalako masiku khumi ndi awiri. Amuna anga anamva uthenga ali kunyanja, anatipeza kuchipatala, ndipo pobwerera tinayenda pa njinga yobwereka, powoloka mtsinje mwana ali pamutu pa bambo ake.

Nkhani inali itafika kale kumudzi konse, ndi kwathu ku Malowera komwe. Ena ankati ndinachita bwino, ena ankati mtengwa wa masiku ano alibe mwambo, akanatha kudikira kuti akulu apeze njira. Amuna anga, tsiku lachitatu, anangofunsa ngati mawondo anga apola. Munda ndinaupeza wodzalidwa, mizere yowongoka kuposa yanga.

Tsiku la sikelo lotsatira ndinapita ndi mantha, osadziwa kuti ndikakhale pati. Ndinapeza tebulo la apongozi litasunthidwa, analumikiza waya wina wautali, lili pansi penipeni pa zenera la kum'mawa. Kunja kwa zeneralo, m'munsi mwa khoma, amisiri anali atamanga kampando ka njerwa zotsala, kopaka simenti pamwamba. Munthu ukakhalapo mutu wako sufika pa zenera, wa m'kati sakuona, iwenso sumuona. Palibe amene anandiuza kuti n'ka ndani. Alamu anangondikankha paphewa, anati khalani pa mpando wanu wa ufumu, anthu ena timabereka ana atatu osamangiridwa ngakhale chiunda cha nkhunda. Ndinakhala. Apongozi anatulutsa kankhanu pa zenera, alamu anapana kachala, kanyale kanayaka osaphethira. Mwana anakayang'ana, anakoka phazi lake ndi manja onse awiri, n'kuyamba kulimbana kuti akaike m'kamwa.